Magetsi Otayika M'cigayo Amalipiridwa Ndi Mlimi Ndi Wogula Ufa

M'caka ca 2024 amai ambiri a ku Chipata, Katete ndi Petauke anaphunzira kupita ku cigayo usiku. Magetsi anali kubwera maola owerengeka okha pa tsiku, ndipo kawiri-kawiri anali kufika anthu ali mtulo. Eni zigayo anali kugona pafupi ndi makina ao kuti nyali ikangoyaka adzuke ndi kuyamba kugaya, pamene matumba ndi zitini za cimanga zinali zitandandalikidwa pakhomo kuyambira dzulo lace. Ku Lusaka nako mafakitale akulu-akulu opanga ufa, mafuta ophikira, buledi ndi mkaka anali kuyendera majenaleta a dizilo, ena anacepetsa nchito, ndipo anchito ena anauzidwa kuti akayambe akhala kunyumba.

Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cagwetsa dziko m'tsoka. Mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa cimanga, pafupi-fupi mahekitala 1 miliyoni anapserera. M'mwezi wa Malichi kampani ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku, ndipo pofika mwezi wa Sepitembala madera ambiri anali kukhala mumdima kufikira maola 21. Thumba la ufa wa bulekifasiti la makilogilamu 25 linali kugulidwa pa mtengo woposa K300.

Cilala cimodzi comweco cinakantha mbali ziwiri: cinatenga cimanga m'munda, cinatenganso mphamvu yogayira cimanga cocepa cimene cinatsala. Mvula palibe munthu angailamule. Koma pali cinthu cina cimene cili m'manja mwa anthu, ndico kudziwa kumene magetsi, dizilo ndi malasha zimapita zikalowa m'fakitale, ndi kutseka mabowo amene zimatayikira. Nchito imeneyi pa Cingelezi amaicha energy audit, ndiko kunena kufufuza kagwiritsidwe nchito ka mphamvu m'fakitale.

MAGETSI A ZAMBIA NDI MADZI

Magetsi ambiri a dziko la Zambia, oposa magawo 80 pa 100 alionse m'zaka za mvula yabwino, amacokera ku madzi. Damu la Kariba linatha kumangidwa mu 1959, ndipo ku tsidya la Zambia kuli makina 6 amene onse pamodzi angathe kutulutsa mamegawati 1,080. Pa mtsinje wa Kafue pali malo a Kafue Gorge a kumtunda a mamegawati 990, a kumunsi a mamegawati 750 amene anatsegulidwa mu 2023, ndiponso a Itezhi-Tezhi a mamegawati 120. Ku Maamba, m'cigawo ca Kum'mwera, kuli malo otentha malasha a mwala amene anayamba kupereka mamegawati 300 mu 2016.

Pamene madzi a m'nyanja ya Kariba anaphwa mu 2024, inafika nthawi yakuti makina amodzi okha mwa 6 aja ndiwo anali kuzungulira. Vuto lotere silinayambe caka cimeneco ai. Linaoneka mu 2015, linabweranso mu 2019. Ngakhale mvula inagwa bwino m'nyengo ya 2024 ndi 2025, ndipo alimi anakolola cimanga coposa matani 3.6 miliyoni, nyanja yaikulu ngati Kariba sidzadza m'dzinja limodzi.

Kumanga damu latsopano kumatenga zaka zambiri ndi ndalama zokongola kunja. Kutseka bowo pa paipi ya m'fakitale kumatenga tsiku limodzi ndi sipanala. Yuniti ya magetsi imene yapulumutsidwa ku Lusaka ndi yofanana ndithu ndi yuniti yopangidwa ku Kariba, ndipo ingathe kuyatsa nyali m'cipatala ca ku Lundazi kapena kuyendetsa cigayo ca ku Nyimba.

ODITA WA MABUKU NDI ODITA WA MPHAMVU

Mamembala a makopaletivu amadziwa nchito ya odita. Iye amabwera kudzatsegula mabuku, nawerenga ndalama zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka, ndipo ngati pali ngwee imene yasowa amafuna kudziwa kumene yapita. Odita wa mphamvu amacita cimodzi-modzi, kungoti iye amawerenga mayuniti a magetsi, malita a dizilo ndi matani a malasha. Kawiri-kawiri amakhala injiniya, ndipo mu Zambia mainjiniya amayenera kukhala olembetsedwa ku kabungwe ka Engineering Institution of Zambia.

Nchito yace imayambira mu ofesi. Amapempha mabilu onse a ZESCO ndi malisiti a mafuta a caka cathunthu kapena zaka ziwiri, ndipo amapemphanso mabuku oonetsa kuculuka kwa katundu amene fakitale inapanga mwezi uliwonse. Akagawa mayuniti ndi matani amapeza nambala imodzi yofunika koposa zonse: mayuniti amene amatha pogaya tani imodzi ya cimanga, imene ili matumba 20 a makilogilamu 50. Eni mafakitale ambiri amadziwa mtengo wa cimanga kufikira pa ngwee, koma nambala imeneyi saidziwa. Ngati mwezi wina tani imodzi inadya mayuniti ambiri kuposa mwezi unzace pamene makina ndi omwewo, ndiye kuti pali cimene calakwika.

Kucoka mu ofesi odita amalowa m'fakitale ndi zipangizo zace. Ali ndi mita imene amapanira pa waya kuti aone magetsi amene mota iliyonse ikukoka. Ali ndi kamera yoona kutentha, imene imaonetsa malo otentha pa mawaya, pa mapaipi ndi pa makoma a zipinda zozizira. Ali ndi cipangizo comvera mpweya wothawa m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndi cina coyezera utsi wa m'cumuni. Mamita ena amawasiya atamangirira kwa sabata lathunthu kuti alembe zocitika usana ndi usiku. Odita wanzeru amabweranso pa Sondo, fakitale itaima, kudzaona ngati mita ya ZESCO ikuyendabe, pakuti zimene mita imawerenga pa tsiku lopuma kawiri-kawiri zimakhala zotayika.

Amakhalanso pansi ndi anchito, maka-maka a usiku ndi okonza makina, cifukwa iwo ndiwo amadziwa lamba amene amalira, mota imene imatentha ndi citseko cimene sicitsekeka. Safunsa anadya phula.

Pomaliza amalemba lipoti, ndipo zofunika kukonza amazigawa patatu. Coyamba ndi zosafuna ndalama, monga kuzimitsa makina osagwira nchito. Caciwiri ndi zofuna ndalama zocepa, monga kugula malamba atsopano. Cacitatu ndi zofuna ndalama zambiri, monga kusintha boila. Pa ciliconse amalemba mtengo wace, ndalama zimene cidzapulumutsa pa caka, ndi miyezi imene idzapita kuti ndalama zogulira zibwerere. Njira imeneyi ili ndi malamulo ace odziwika pa dziko lonse lapansi, ochedwa ISO 50002, amene anatuluka mu 2014 kutsatira a ISO 50001 a mu 2011.

MAMOTA NDI MALAMBA

Mlimi amadziwa kuti nkhokwe ingathe kuoneka yodzadza kunja pamene anankafumbwe akudya mkati. Fakitale nayo ingathe kuoneka yaukhondo, makina akulira bwino, koma mphamvu ikutha mwakacetecete. Cikome-kome ca mkuyu mkati muli nyerere. Malo oyamba kuyang'ana ndi mamota, cifukwa m'mafakitale a pa dziko lonse mamota amadya pafupi-fupi magawo 70 pa 100 alionse a magetsi, ndipo m'cigayo gawo lao limaposa pamenepo.

Vuto lofala ndi mota yoyenda yopanda katundu. Cimanga cikatha m'mphero, kapena anchito akapita kukadya, malamba onyamulira ndi mafani amasiyidwa akuzungulira. Lina ndi mota yaikulu kuposa nchito yace. Mota imagwira bwino ikamanyamula pafupi-fupi magawo atatu mwa magawo anai a mphamvu yace. Ikakhala ndi katundu wocepa kwambiri imaononga magetsi, monga kumanga ng'ombe zinai pa ngolo yonyamula thumba limodzi.

Mota ikapsa eni ace amakonda kuitumiza kuti akaikulunge mawaya atsopano, cifukwa ndi kochipa kuposa kugula ina. Koma mota yokulungidwa mosasamala imadya magetsi ambiri kuposa kale, ndipo ikakulungidwa kawiri kapena katatu kutayikako kumaonjezeka. Pa moyo wonse wa mota imene imagwira nchito tsiku ndi tsiku, ndalama zoigulira ndi zocepa kwambiri. Zoposa magawo 90 pa 100 zimapita ku magetsi. Conco wogula mota poyang'ana kuchipa kokha amalipira kusiyana kwace mwezi uliwonse kwa zaka zambiri.

Fumbi la ufa nalo ndi mdani. Likakuta mota limakhala ngati bulangeti, mota imatentha, ndipo mainjiniya amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10 kupyola muyeso, moyo wa zokutira mawaya a mkati umafupika ndi theka. Lamba wokhwefuka amaterereka, ndipo mphamvu imene inayenera kugaya cimanga imasanduka kutentha ndi phokoso.

Mafani okoka ufa ndi gaga, ndiponso mapampu a madzi, ali ndi khalidwe lodabwitsa. Liwiro la fani likacepetsedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 5, magetsi amene imadya amatsika pafupi-fupi ndi theka. Mafakitale ambiri amasiya fani ikuthamanga ndi mphamvu zonse kenaka ndi kuchinga mpweya ndi citsulo, cimene cili ngati kupalasa njinga mwamphamvu utagwira mabuleki. Masiku ano kuli zipangizo zosinthira liwiro la mota molingana ndi nchito, ndipo pa mafani ndi mapampu ndalama zogulira zimabwerera msanga.

MPWEYA UMENE ULI NDI MTENGO

Mafakitale oika zakudya m'mapaketi ndi m'mabotolo amagwiritsa nchito mpweya wopanikizidwa ndi makina ochedwa kompulesa, ofanana ndi amene amapopera matayala pa galaji koma akulu. Anchito ambiri amaganiza kuti mpweya ndi waulere, ndipo ena amaupemerera pansi posesa kapena pa zovala zao pocotsa fumbi. Zoona zace n'zakuti mpweya umenewu ndi wodula kwambiri, pakuti mwa magetsi onse amene kompulesa imadya, pafupi-fupi gawo limodzi lokha mwa magawo 10 ndilo limafika pa nchito. Otsalawo amasanduka kutentha.

M'fakitale imene mapaipi ace sayang'aniridwa, magawo 20 kufikira 30 pa 100 a mpweya amathawira m'mabowo. Kabowo ka mamilimita 3, kofanana ndi njere ya mapira, kangathe kudya pafupi-fupi makilowati 3. Ngati kompulesa imayenda usana ndi usiku, kabowo kamodzi kameneko kamatha mayuniti oposa 2,000 pa mwezi. Kupeza mabowo otere sikufuna maphunziro akulu. Fakitale ikaima munthu angathe kumva kulira kwa mpweya ndi makutu, ndipo madzi a sopo opakidwa pa mfundo za mapaipi amacita thovu pamene pali bowo, monga momwe wokonza njinga amapezera pamene chubu caphulika.

BOILA NDI NTHUNZI

Mafakitale oyenga mafuta a mpendadzuwa, soya ndi thonje, ophika mkaka, ofulula maheu ndi opanga shuga amafuna nthunzi yambiri. Nthunziyo imacokera m'boila, cimphika cacikulu ca citsulo cotenthedwa ndi malasha a ku Maamba, mafuta, nkhuni kapena magetsi. Mai aliyense wophika amadziwa malamulo a boila ngakhale sanaionepo: moto wa utsi wambiri umatha nkhuni, mphika wosavundikira umacedwa kuwira, ndipo madzi ofunda kale amawira msanga.

Odita amayeza utsi wa m'cumuni. Mpweya wolowa pamoto ukacepa, malasha sapsa bwino ndipo utsi umada. Ukaculuka kwambiri, umanyamula kutentha ndi kukutaya kumwamba. Kutentha kwa utsi kukatsitsidwa ndi madigiri pafupi-fupi 20, boila imapulumutsa gawo limodzi pa 100 la mafuta kapena malasha, ndipo madzi olowa m'boila akafunditsidwa ndi madigiri 6 gawo linanso limodzi limapulumuka. Pa cifukwa ici madzi otentha amene amatsala nthunzi ikatha nchito yace amayenera kubwezedwa ku boila m'malo motayidwa m'ngalande.

Madzi a m'zitsime za ku Lusaka ali ndi laimu wambiri kamba ka miyala ya pansi pa mzindawo. Laimu ameneyu ndiye amacita nkhanambo yoyera m'ketulo, ndipo m'boila amacita cimodzi-modzi. Nkhanamboyo imachinga moto kuti usafike pa madzi, motero malasha amatha ambiri, ndipo citsulo cingathe kupsa ndi kung'ambika, cimene cimaika moyo wa anchito pa ngozi. Mapaipi a nthunzi osakutidwa nawo amatenthetsa cipinda cabe. Akakutidwa bwino kutentha kotayika kumacepa ndi magawo pafupi-fupi 90 pa 100.

Citsanzo ca kugwiritsa nchito zotsalira cili ku Nakambala, ku Mazabuka. Fakitale ya Zambia Sugar imatentha zotsalira za nzimbe zofinyidwa kuti ipeze nthunzi yophikira shuga, ndipo nthunzi yomweyo imazunguza makina opanga magetsi oyendetsera fakitale. Nzeru imeneyi ndi yoyeneranso m'cigawo ca Kum'mawa, kumene makoko a nshawa, a mpendadzuwa ndi a mpunga, pamodzi ndi zitsononkho za cimanga, nthawi zambiri zimangoola pa dzala pamene zingathe kulowa m'malo mwa nkhuni ndi kusiya mitengo ili ciimire.

ZIPINDA ZOZIZIRA NDI NYALI

Kwa opha nyama ndi nkhuku, ndiponso pa malo osonkhanitsira mkaka wa alimi, magetsi ambiri amathera pa kuziziritsa. Citseko cosiyidwa cotsegula, mphira wa pa citseko wong'ambika, madzi oundana okuta mapaipi a mkati, ndi fumbi lotseka makina otayira kutentha kunja, zonsezi zimacititsa kuti makina agwire nchito kawiri. Ena amaziziritsa cipinda kuposa mmene cakudya cifunira, osadziwa kuti digiri iliyonse yoonjezera imakweza magetsi ndi magawo 2 kapena 3 pa 100. Apa odita amacenjeza kuti kusunga magetsi sikuyenera kuononga cakudya. Mkaka ndi nyama zili ndi muyeso wace wa kuzizira, ndipo muyesowo sudumphidwa.

Nyali ndi nkhani yosavuta. Mu 2016 boma linakhazikitsa lamulo loletsa kulowetsa m'dziko mababu akale a waya wotentha. Mababu a LED amadya magetsi ocepa ndi magawo pafupi-fupi 80 pa 100 poyerekeza ndi akalewo. Malata oonekera pa denga la nyumba yosungiramo katundu amalowetsa kuwala kwa dzuwa, kumene sikubwera ndi bilu.

BILU ILI NDI MBALI ZAMBIRI

Banja la kumudzi kapena la m'komboni limagula mayuniti ndipo nkhani imathera pomwepo. Fakitale yaikulu imalipira mosiyana, motsata mitengo imene kabungwe ka Energy Regulation Board kamavomereza. Kuonjezera pa mayuniti, imalipiranso mphamvu yaikulu koposa imene inakoka pa nthawi imodzi m'mwezi umenewo. Ngati tsiku lina makina onse akulu anayendetsedwa pamodzi kwa kanthawi kocepa, bilu ya mwezi wonse imakwera. Kusinthanitsa nthawi zoyendetsera makina kumatsitsa mtengo umenewu popanda kugula kanthu.

Palinso magetsi ena amene mamota amakoka koma osagwira nawo nchito. Zili ngati ng'ombe zokoka pulawo mopingasa: zimatopa, koma mphamvu ina ikupita m'mbali, osati kutsogolo. Magetsi amenewa amadzadza mawaya ndi kutenthetsa matilansifoma, ndipo amakweza bilu ya fakitale. Amakonzedwa poika zipangizo zochedwa makapasita pafupi ndi mamota.

Jenaleta nayo imawerengedwa. Lita imodzi ya dizilo imatulutsa mayuniti pafupi-fupi 3, conco yuniti ya pa jenaleta ndi yodula kwambiri kuposa ya ZESCO. Bowo limene linali kudya ndalama pang'ono magetsi alipo limadya zocuruka fakitale ikamayendera dizilo. Cimodzi-modzi amene afuna kuika magetsi a dzuwa amacita bwino kuyamba watseka mabowo, cifukwa akatero amagula mapanelo ocepa. Munthu sathira madzi m'mtsuko wobooka.

MASAMU A TANI IMODZI

Mwacitsanzo cabe, cigayo cina cimagaya matani 100 pa tsiku, ndipo odita atatha nchito yace capulumutsa mayuniti 10 pa tani iliyonse. Pa tsiku amenewo ndi mayuniti 1,000. Cikagwira nchito masiku 300 pa caka, mayuniti opulumuka ndi 300,000. Nyumba imene imatha mayuniti 100 pa mwezi imafuna mayuniti 1,200 pa caka, conco magetsi amene cigayo cimodzi cinali kutaya ndi okwanira nyumba 250 kwa caka cathunthu, ndipo ufa wogayidwa sunacepe ngakhale thumba limodzi.

Ndalama za magetsi otayika sizicokera m'thumba la mwini fakitale yekha. Iye amaziika pa mtengo wa ufa, wa saladi ndi wa shuga, kapena amazicotsa pa mtengo umene amapereka kwa mlimi pogula cimanga, soya ndi mpendadzuwa. Mlimi wa ku Chadiza amagulitsa mbewu zace mochipa, kenaka ndi kugula botolo la mafuta ophikira modula, ndipo mbali zonse ziwiri walipirako bowo la pa paipi imene sanaionepo.

ZIMENE LIPOTI SILINGATHE KUCITA

Nchito ya odita ili ndi malire ace. Pa mtengo wa thumba la ufa gawo lalikulu ndi la cimanga ceni-ceni, kenaka mayendedwe, matumba, malipiro ndi ciwongoladzanja ca ku banki. Magetsi ndi gawo locepa. Conco cimanga cikasowa ufa udzakwerabe mtengo ngakhale cigayo cisataye yuniti imodzi. Ndiponso palibe lamulo lokakamiza mwini fakitale kugawana ndi ogula ndalama zimene wapulumutsa. Cimene cimamukakamiza ndi mpikisano wa zigayo zina, ndi mawu a alimi ogwirizana m'makopaletivu ao ndi m'mabungwe monga Zambia National Farmers Union. Komabe fakitale imene imadya magetsi ocepa ndiyo imatha kuyendabe pa nthawi ya mdima, ndi kupitiriza kugula mbewu za alimi ndi kusunga anchito ace.

Vuto lina ndi lipoti logona m'kabati. Pepala silitseka bowo. Ngongole za ku banki mu Zambia zili ndi ciwongoladzanja cokwera, ndipo ambiri amaopa kugula makina atsopano. Njira yanzeru ndi kuyamba ndi zosafuna ndalama, kusunga zimene zapulumuka, ndi kugulira nazo zotsatira. Pamafunikanso munthu mmodzi wopatsidwa udindo wowerenga mamita sabata iliyonse, pakuti mabowo otsekedwa lero amabwereranso, monga udzu m'munda wopaliridwa kamodzi kokha.

CIGAYO CA PAMUDZI

Nzeru imeneyi si ya mafakitale a m'mizinda okha. Mwini cigayo ca pamudzi, kapena komiti ya kopaletivu, angathe kukhala odita wa iye yekha ndi kabuku ka sukulu ndi pensulo. Tsiku lililonse alembe mayuniti a pa mita, kapena malita a dizilo amene wathira, ndi zitini za cimanga zimene wagaya. Pakutha kwa sabata agawe kuti aone zitini zimene lita imodzi kapena yuniti imodzi imagaya. Nambala imeneyi ikayamba kutsika, makina akudwala, ngakhale phokoso lao silinasinthe.

Zoyamba kuyang'ana ndi zitsulo zophwanya cimanga za mkati mwa cigayo. Zikabuntha zimangokwapula njere nthawi yaitali, ndipo zimafunika kutembenuzidwa kapena kusinthidwa. Sefa yotsekeka imacedwetsa ufa kutuluka. Lamba amangidwe mokwanira, ndipo malo onse ozungulira apakidwe girizi pa nthawi yace. Pa injini ya dizilo, utsi wakuda ndi mafuta osapsa amene akutuluka, ndipo kawiri-kawiri cimacititsa ndi sefa ya mpweya yodzadza fumbi la ufa, kapena kuthira cimanga cambiri kuposa mphamvu ya injini. Kuyendetsa injini cifukwa ca citini cimodzi ndi kuononga. Ndi bwino kupangana ndi anthu a m'mudzi nthawi zogayira kuti makina akayaka agaye zitini zambiri motsatizana.

Obweretsa cimanga nao ali ndi mbali yao. Mphale yosauma bwino imamatirira pa sefa ndipo imadya mphamvu zambiri. Timiyala, misomali ndi tizidutswa ta waya timabooletsa sefa ndi kubunthitsa zitsulo. Kupeta ndi kuyanika bwino ndi kuthandiza kuti mtengo wogayitsira usakwere.

Kuyambira mu 2015 kabungwe ka Zambia Cooperative Federation kanayamba kuika zigayo zoyendera dzuwa m'madera a kumidzi, ndipo cilinganizo cinali ca zigayo 2,000. Dzuwa silibwera ndi bilu, koma fumbi la m'cilimwe likakuta mapanelo mphamvu imacepa, ndipo mthunzi wa nthambi imodzi ungathe kufooketsa mzere wonse. Kupukuta mapanelo ndi nsalu yofewa m'mawa asanatenthe, ndi kugaya dzuwa lili pa mutu, ndiko kusamala cuma ca mamembala.

KUKONZEKA MVULA ISANASOWE

Cilala cakantha magetsi a Zambia katatu m'zaka 10, mu 2015, mu 2019 ndi mu 2024, ndipo palibe wanzeru amene anganene kuti sicidzabweranso. Makolo anali kumata nkhokwe ndi kufolera denga lace m'caka ca zokolola zambiri, osadikira njala. Eni mafakitale a zakudya, akulu ndi ang'ono, ali ndi nchito yofanana: kutsegula mabilu ao, kudziwa mayuniti a pa tani, ndi kuyenda m'fakitale pa tsiku lopuma kumvera kumene mpweya ndi nthunzi zikuthawira. Mamembala a makopaletivu nao ali ndi ufulu wofunsa pa msonkhano wa pa caka kuti lita imodzi ya dizilo ikugaya zitini zingati, monga momwe amafunsira za ndalama za m'buku. Madzi akatayika saoleka, ndipo madzi a Kariba amene apita pa kabowo ka paipi sadzabwerera kudzagaya cimanga ca munthu aliyense.